Lamba wakuda wa ju jitsu: mudzere ku Brazil, ku kalabu ya silabasi, kapena ku judo?

Anthu awiri akhoza kuima pamaso panu, onse atamanga lamba wakuda m'chiuno, onse akunena kuti amasewera ju jitsu. Wina anamutenga patatha zaka 4, mnzakeyo anadikira zaka 11. Palibe amene akunama. Dzina lakuti ju jitsu lasenza masewera angapo ochokera pa tsinde limodzi ku Japan, koma nthambi zake zinakula molowera kosiyana, ndipo nthambi iliyonse ili ndi muyeso wake wa munthu woyenera lamba wakuda. Kalembedwe kasakusokonezeni: jujutsu, ju-jitsu ndi jiu-jitsu ndi liwu limodzi la Chijapani, lonena luso logonjetsa mphamvu za mnzako mozitsatira ndi kuzipatutsa m'malo mogundana nazo. Chimene muyenera kufunsa musanalipire ndalama ya mwezi woyamba n'chakuti, pa tatami (mphasa yochindikala yosewererapo) ya kalabu imeneyi anthu amachita chiyani sabata ndi sabata, ndipo amene adzasainire lamba wanu ndani.

Masukulu akale a ku Japan analibe malamba amitundumitundu. Takenouchi-ryu, imene inayamba mu 1532, ndi anzake ankapatsa wophunzira chikalata chotchedwa menkyo, cholembedwamo maluso amene waphunzitsidwa. Masitepe a ukatswiri otchedwa dan anabwera ndi Kano Jigoro, amene anaphunzira Tenjin Shin'yo-ryu ndi Kito-ryu, kenaka n'kutsegula Kodokan ku Tokyo mu 1882 ndi kutcha luso lake judo. Mu 1883 anapereka shodan kwa ophunzira ake awiri, Tomita Tsunejiro ndi Saigo Shiro, ndipo lamba wakuda anatsatira patapita zaka zochepa. Liwu lakuti shodan limatanthauza sitepe yoyamba. Ku Japan munthu wa shodan ndi amene wadziwa kugwa, kugwetsa ndi kusavulaza anzake, moti tsopano angathe kuyamba kuphunzira zenizeni. Ku Brazil tanthauzoli linasintha, ndipo kusiyana kwa zaka 4 ndi zaka 11 kuja kwagona pamenepa.

Jiu-jitsu ya ku Brazil

Mitsuyo Maeda, katswiri wa ku Kodokan, anafika ku Brazil mu 1914. Mwa amene anaphunzira luso lake ku Belém munali Carlos Gracie, ndipo banja la Gracie, makamaka Carlos ndi mng'ono wake Hélio, linalimbikira mbali yolimbana pansi. Dziko linadzidzimuka mu November 1993 ku Denver, pamene Royce Gracie, munthu wa thupi locheperako, anapambana mpikisano woyamba wa UFC, wokumanitsa akatswiri a masewera omenyana osiyanasiyana, pogonjetsa anthu omuposa kulemera, awiri mwa iwo mwa kuwakanyanga pakhosi. Masiku ano anthu amangoti BJJ.

Phunziro la tsiku limatenga ola limodzi kapena ola ndi theka. Mumayamba ndi kutenthetsa thupi, kenaka mphunzitsi amaonetsa maluso awiri kapena atatu amene mumabwereza ndi mnzanu, ndiye kumapeto mumalimbana zenizeni, maraundi a mphindi 5 kapena 6, kusinthana anzanu. Gawo lomalizali ndilo mtima wa BJJ. Mnzanuyo sakukuthandizani, akufuna akugonjetseni. Akakugwirani poti simungapulumuke mumamenya kawiri kapena katatu ndi chikhatho pathupi pake, kumene amati tap, iye n'kusiya nthawi yomweyo, n'kuyambiranso. Wophunzira watsopano amachita tap kambirimbiri pa tsiku limodzi kwa miyezi ingapo, ndipo palibe manyazi pamenepo.

Masewerawa amayenda ngati makwerero a malo. Mukagona chagada mnzanu ali pakati pa miyendo yanu, muli pa guard, ndipo simunaluze chifukwa miyendo ndi chiuno zikumulamulirabe. Iye akadutsa miyendoyo n'kukupanikizani chammbali, wakwera sitepe. Akakukhalirani pamimba, pamene amati mount, kapena akafika kumsana kwanu n'kukolowetsa mapazi m'ntchafu zanu, zinthu zavuta. Mapointi a IBJJF, bungwe lalikulu loyendetsa mipikisano ya BJJ, amatsatira makwerero omwewa: 2 mukagwetsa munthu, 2 mukamutembenuza kuchokera pa guard, 2 mukamuika bondo pamimba, 3 mukadutsa guard, 4 pa mount ndi 4 kumsana, ndipo malo aliwonse muyenera kuwasunga masekondi 3. Akuluakulu a lamba woyera amalimbana mphindi 5, a buluu 6, a pepo 7, a bulauni 8, a lamba wakuda 10.

Tione luso limodzi pafupi kuti mumvetse chifukwa chake zaka zimachuluka. Armbar ndi kuwongola mkono wa mnzanu mopyola pamene chigongono chimalekezera. Mumagona chagada mopingasa thupi lake, mkono wake uli pakati pa ntchafu zanu, mwendo wina uli pachifuwa pake, wina pankhope. Matako anu ayenera kukhudza phewa lake. Mawondo muwafinye pamodzi, chala chake chachikulu chiloze kumwamba, dzanja lake mulikumbatire pachifuwa panu, kenaka mukweze chiuno pang'onopang'ono. Pa tsiku loyamba aliyense amatha. Koma yesani pa munthu amene akukana. Mukasiya mpata pakati pa matako anu ndi phewa lake, chigongono chimatsika pansi pa chiuno chanu ndipo palibe chimene mukuthyola. Mukamasula mawondo, amasolola mkono. Chala chachikulu chikatembenukira kumbali, amagudubuzika n'kutuluka. Mukathamangira kugwa chagada mwendo usanafike pankhope, amadzuka n'kukupindani pakhosi panu pomwe. Cholakwika chilichonse mwa izi chili ndi yankho lake, yankholo nalonso lili ndi yankho, ndipo lamba wa BJJ amayeza kuti mwalowa mozama bwanji mu unyolo umenewu pamene mnzanu akulimbana nanu ndi mphamvu zake zonse.

Malamba a akuluakulu alipo asanu: woyera, wa buluu, wa pepo, wa bulauni ndi wakuda, ndipo makalabu ambiri amamata timizere mpaka 4 pa lamba musanakwere. Malamulo a IBJJF amati munthu wamkulu akhale pa buluu zaka zosachepera 2, pa pepo chaka ndi theka, pa bulauni chaka chimodzi. Kuphatikiza ndi zaka 4 ndi theka kuchokera tsiku limene mwavala buluu, koma amenewa ndi malire a pansi chabe. Anthu ambiri ogwira ntchito, amene amapita katatu pa sabata, amafika pa lamba wakuda patatha zaka pafupifupi 10. Alipo othamanga, monga BJ Penn wa ku Hawaii, amene anamutenga m'zaka zitatu ndi kanthu n'kupambana mpikisano wa dziko lonse mu 2000, koma ameneyo ankagona ndi kudzuka pa tatami. Mwana wosakwana zaka 16 savala buluu. Ana ali ndi malamba awoawo, wotuwa, wachikasu, wa olenji ndi wobiriwira. M'makalabu ambiri mulibe mayeso olembedwa. Mphunzitsi amakuyang'anani mukulimbana miyezi ndi miyezi, tsiku lina n'kungokuitanani kutsogolo. Ubwino wake ndi wakuti lamba wotereyu sanama kawirikawiri, chifukwa wovala pepo amene akugonja kwa a lamba woyera amaonekera sabata yomweyo. Kuipa kwake n'kwakuti zonse zili m'manja mwa munthu mmodzi, ndipo mukasamuka mzinda, mphunzitsi watsopano amafuna akuoneni kaye chaka kapena kuposerapo asanakukwezeni.

Pali malo awiri pamene anthu amagwera ulesi. Poyamba ndi miyezi isanu ndi umodzi yoyambirira, pamene munthu amangopanikizidwa osamvetsa chimene chikumuchitikira. Mankhwala ake ndi kusiya kufuna kupambana n'kuphunzira kupulumuka: kusunga zigongono pafupi ndi nthiti, kusatambasula mikono pokankha chifuwa cha amene wakukhalirani, kupuma mwakachetechete. Kuchoka pansi pa mount, mwachitsanzo, mumagwira mkono wake umodzi, n'kutchinga phazi lake la mbali yomweyo ndi phazi lanu, kenaka n'kukweza chiuno molunjika paphewa la mbali imeneyo. Mukagwira mkono wa kumanja koma n'kutchinga phazi la kumanzere, amangoponda pansi ndipo mwataya mphamvu pachabe. Malo achiwiri ndi pa buluu. Chimwemwe cha lamba woyamba chikatha, munthu amaona kuti kutsogolo kuli zaka ziwiri kapena zitatu popanda chatsopano chomanga m'chiuno, ndipo ambiri amazimiririka pamenepa.

BJJ ili ndi mabowo ake, ndipo tisawabise. Makalabu ambiri amayambitsa maraundi anthu atagwada, moti munthu amafika pa pepo asakudziwa kugwetsa mnzake kapena kugwa bwino. Nkhonya ndi mateche mulibe. Luso lina lopambanitsa pa mpikisano, monga kukhala pansi mwadala n'kukokera mnzako pa guard, ndi loopsa pa simenti kapena pamene pali anthu awiri okuukirani. Ngati mukufuna BJJ chifukwa chodziteteza, funsani ngati kalabuyo ili ndi tsiku loyambira choimirira komanso loyeserera mnzako atavala magolovesi.

Palinso funso la gi, chovala chochindikala chija, kapena no-gi, kumene mumavala kabudula ndi malaya othina. Pa gi kolala ndi manja a jekete ndi zida: mumakoka nazo, mumakanyanga nazo pakhosi, ndipo masewera amayenda modekha. Pa no-gi thukuta limaterera, liwiro limakwera, ndipo maluso a miyendo amachuluka. Mpikisano waukulu wa no-gi ndi ADCC, umene unayamba ku Abu Dhabi mu 1998. Woyamba kumene apewe heel hook, luso lopotokola chidendene kuti bondo lizungulire. Ululu wake umachedwa kumveka, moti mitsempha ya bondo imatha kuduka munthu asanaganize zochita tap. IBJJF imaliletsa pa gi, ndipo pa no-gi inaliloleza mu 2021 kwa akuluakulu a bulauni ndi lamba wakuda okha. Ngati cholinga chanu ndi lamba, dziwani kuti makalabu ambiri amakweza anthu poyang'ana zimene amachita atavala gi.

Ju jitsu ya silabasi

Mukaona chikwangwani cholembedwa Ju Jitsu pa holo ya sukulu kapena ya tchalitchi ku Britain, ku Germany kapena ku South Africa, kawirikawiri si BJJ ndiponso si sukulu yakale ya ku Japan. Ndi ju jitsu yamakono yodzitetezera, imene inasonkhanitsa kugwetsa kwa judo, nkhonya ndi mateche ofanana ndi a karate, ndi kupinda mfundo za dzanja kofanana ndi kwa aikido. Ya ku Germany inakonzedwa mu 1969, poganizira kwambiri apolisi. Ku Hawaii kunabadwa Danzan-ryu ya Henry Okazaki. Mabungwe ake ndi ambirimbiri, lililonse ndi silabasi yake, ndipo lamba wa bungwe lina sadziwika nthawi zonse ku bungwe linzake.

Pano zinthu zimalembedwa. Lamba aliyense ali ndi mndandanda: kugwa kutsogolo, kumbuyo ndi kumbali, kudzimasula wina akakugwirani dzanja, kolala kapena pakhosi, kugwetsa kwa mitundu yakutiyakuti, ndipo mukamakwera mumafika pa kudziteteza ku ndodo, mpeni ndi anthu awiri. Mayeso amabwera miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi iliyonse pa malamba oyamba, mpata n'kumatalika mukafika ku bulauni. Wolimbikira kawiri kapena katatu pa sabata amafika pa shodan m'zaka 4 mpaka 6 m'mabungwe ambiri. Mayeso a shodan amatenga maola angapo pamaso pa gulu la oyesa, ndipo amafuna muonetse silabasi yonse kuyambira pa lamba woyera, kudzanja lamanja ndi lamanzere. Ambiri amalephera pa zinthu zoyambirira zimene anasiya kuzibwereza, kapena mpweya umawathera pakati pa mayeso luso n'kusanduka kukankhana.

Kwa munthu amene amakonda kudziwa chimene akuphunzira mwezi uno ndi chimene chikubwera, njira imeneyi ndi yokoma. Ndi yotakata, imaphunzitsa kugwa kuyambira tsiku loyamba, ndipo munthu wa zaka 45 kapena 50 akhoza kuyamba popanda kupanikizidwa ndi anyamata usiku uliwonse. Vuto lake lili pa mnzanu woyeserera naye. Iye amaponya nkhonya imodzi, n'kusiya mkono uli chitambasukire, kudikira kuti inu muchite zinthu zisanu. Munthu weniweni amabweza mkono, amaponya yachiwiri, amakugwirani malaya. Kupinda mfundo ya dzanja kumene kumagwetsa mnzanu mokongola m'kalasi kumakanika pa munthu wa thukuta amene wakunga chibakera. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: kalabu imene anthu ake amauluka mochititsa kaso koma salimbana konse ikhoza kukupatsani lamba wakuda ndi chidaliro chimene thupi lanu silingachikwanitse. Za mpeni ndiye tinene mosapsatira. Palibe silabasi imene ingakutsimikizireni kulanda mpeni osachekedwa, ndipo mphunzitsi wabwino amayamba ndi kukuuzani kuti mukapeza mpata thawani.

Mankhwala a vutoli alipo m'nyumba momwemo. Bungwe la JJIF, limene masewera ake amapezeka pa World Games kuyambira 1997 ndipo analowa mu Asian Games mu 2018, lili ndi mpikisano wotchedwa Fighting System. Umatenga mphindi 3 ndipo uli ndi magawo atatu otsatana: kumenyana nkhonya ndi mateche mopepuka mutavala zotchinjiriza, kenaka mukagwirana nkhonya zimatha n'kuyamba kugwetsana, ndiye mukafika pansi n'kupanikizana kapena kukakamiza mnzako kuchita tap. Wopeza ippon, kutanthauza luso loyera, m'magawo onse atatu amapambana nthawi yomweyo. Kulinso Duo System, kumene anthu awiri a timu imodzi amaonetsa kudziteteza oweruza n'kupereka malikisi, ndi gawo lolimbana pansi lofanana kwambiri ndi BJJ. Kalabu ya silabasi imene imatumiza anthu ku Fighting System, kapena imene imapatula mphindi 20 pa phunziro lililonse kuti anthu alimbane momasuka, ndi yosiyana kutalitali ndi imene imangobwereza mndandanda.

Masukulu akale, otchedwa koryu, tingowadutsa mwachangu chifukwa ndi ochepa amene angawapeze. Amaphunzitsa kata, ndiko kuti ndondomeko zokhazikika za anthu awiri, nthawi zina ndi lupanga lalifupi, ndipo ambiri saperekabe lamba wakuda koma zikalata zija. Ndi njira ya munthu wokonda mbiri ndi mwambo, amene angathe kupita ku Japan kapena kukhala pafupi ndi mphunzitsi wovomerezedwa ndi mutu wa sukuluyo. Wina akakuuzani kuti amaphunzitsa luso lachinsinsi la asamurai koma satha kutchula dzina la sukulu ndi la amene anamuphunzitsa, sungani ndalama zanu.

Judo

Ena adabwa kuti judo ikutani pano. Judo ndi mwana wa jujutsu ndiponso kholo la BJJ, ndipo kwa wokhala ku Malawi kapena ku Zambia ndi imene ili ndi mabungwe a dziko olumikizana ndi bungwe la dziko lonse la IJF. Pa Olimpiki ya Tokyo 2020 Harriet Bonface anaimira Malawi, ndipo Steven Mung'andu anaimira Zambia. Lamba wakuda wa judo wodutsa ku bungwe la dziko amamveka kulikonse kumene mungapite, chinthu chimene ju jitsu ya silabasi singalonjeze.

Chuma chachikulu cha judo ndi ukemi, luso la kugwa. Pogwa chagada mumaika chibwano pachifuwa kuti mutu usamenye pansi, mumazungulitsa msana, ndipo mumamenya tatami ndi mkono wonse, chikhatho chili pansi, motalikirana pang'ono ndi thupi, pa nthawi imene msana ukufika. Cholakwika chimene chimathyola anthu ndi kutsogoza dzanja kuti atchinge pansi: kulemera konse kumathera pa mfundo ya dzanja, chigongono kapena fupa la paphewa. Mphunzitsi amene akukugwetsani sabata yoyamba musanaphunzire ukemi sakukufunirani zabwino. Kugwetsa nakonso kuli ndi magawo atatu: kuzushi, kumuchotsa mnzanu pa mapazi ake, tsukuri, kulowetsa thupi lanu pamalo, kake, kumaliza. Oyamba kumene amadumpha gawo loyamba. Amalowa ndi chiuno munthu ataima nji, ndiye amayesa kumunyamula ndi msana ngati thumba la chimanga, ndipo zotsatira zake ndi msana wopweteka kapena kugwetsedwa chagada. Kokani kaye mpaka zidendene zake zinyamuke, pindani mawondo kuti lamba wanu akhale pansi pa lamba wake, pamenepo munthu wa makilogalamu 80 amapepuka.

Mpikisano wa akuluakulu umatenga mphindi 4. Ippon imabwera mukagwetsa munthu chagada mwamphamvu ndi molamulira, mukamupanikiza pansi masekondi 20, kapena akachita tap pa kukanyangidwa pakhosi kapena pa chigongono. Kuti mufike pa shodan, mabungwe ambiri amafuna zinthu ziwiri: kupambana anthu a msinkhu wanu, ndi kuonetsa luso, makamaka nage-no-kata, imene ili ndi kugwetsa kwa mitundu 15 m'magulu asanu, ngakhale pa shodan ambiri amafunsa magulu atatu oyamba. Ku British Judo Association wa lamba wa bulauni amasonkhanitsa mapointi 100, ndipo kupambana ndi ippon kumamupatsa 10. Ku Japan ana a sekondale a zaka 14 kapena 15 amavala lamba wakuda, pamene kunja munthu wamkulu amatenga zaka 4 mpaka 6. Zofooka zake nazi: nthawi yolimbana pansi ndi yochepa chifukwa woyimbira amakuimiritsani msanga, kugwira miyendo ndi manja kunaletsedwa pa mpikisano kuyambira 2010 ndipo chiletsocho chinakhwima mu 2013, komanso thupi limamva. Kugwa maulendo 50 pa usiku umodzi n'kosiyana kwa mnyamata wa zaka 17 ndi bambo wa zaka 42.

Nanga wokhala kutali ndi kalabu iliyonse, amene akuganiza zophunzira pa YouTube? Makanema amathandiza munthu amene ali kale ndi mphunzitsi, pokumbutsa zimene anaona m'kalasi. Paokha sangakuuzeni kuti kulemera kwanu kuli pamalo olakwika, ndipo sangakuletseni kuvulaza mnzanu. Ngati muli anayi kapena asanu odzipereka, pezani tatami, yambani ndi ukemi ndi malo a pansi, siyani za pakhosi ndi za miyendo, ndipo gwirizanani ndi mphunzitsi wodziwika kuti muzipita kwa iye kapena azibwera miyezi ingapo iliyonse. Tatami yogwetserana ikhale yochindikala masentimita 4 kapena 5. Timatiresi tolumikiza ta masentimita 2 toyala pa simenti ndi tolimbirana pansi basi. Lamba wogula pa intaneti ndi setifiketi yake alibe ntchito pa tsiku limene mudzaponda pa tatami ya anthu ena.

Kuwerengera maola, thupi ndi thumba

Zaka zimanamiza, maola ndiwo amanena zoona. Katatu pa sabata, ola ndi theka, kwa masabata 45 pa chaka mutachotsa matenda, maliro ndi maulendo, ndi maola pafupifupi 200. Zaka 10 za BJJ ndi maola 2,000. Kawiri pa sabata kwa zaka 4 ndi maola 540. Malamba onsewa ndi akuda, koma tsopano mukuona chimene chili kuseri kwa aliyense. Kupita kamodzi pa sabata sikukwanira pa njira iliyonse, chifukwa thupi limaiwala. Kupita kasanu ndi kamodzi pa sabata m'mwezi woyamba nakonso kumathera pa kuvulala. Kalabu yapafupi imene mungafikeko katatu pa sabata mutaweruka ku ntchito imaposa yotchuka imene ikufuna maminibasi awiri.

Pa ndalama, kalabu za BJJ ndizo zimadula kwambiri pafupifupi kulikonse, chifukwa zambiri ndi bizinesi yolipira renti, pamene judo ndi ju jitsu ya silabasi nthawi zambiri zimayendetsedwa ndi anthu odzipereka m'maholo obwereka. Koma ku silabasi funsani mtengo wa mayeso aliwonse, wa umembala wa pachaka ndi wa mayeso a shodan, poti ndi mmene ndalama zimabisala. Gi mukhale nawo awiri ngati mumapita katatu pa sabata. A BJJ kukula kwake kumalembedwa A0 mpaka A4 kapena kupitirira, a judo amatsata kutalika kwa munthu, ndipo onse amafupika mukawachapa m'madzi otentha.

Gi achapidwe tsiku lililonse mukavala, pamodzi ndi lamba. Zipere ndi zithupsa zimayenda pa tatami ngati moto wa m'tchire, choncho sambani mukangomaliza, valani mapatapata mukatsika pa tatami, wengani zikhadabo, ndipo mukaona kachizungulire koyabwa pakhungu khalani kunyumba mpaka katapola ndi mankhwala. Khutu likatupa mutalimbana, ndiye kuti magazi aunjikana pakati pa khungu ndi fupa lofewa la khutu. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo kapena mawa lake akawachotse ndi kulimanga, mukachedwa limauma lili chotupa mpaka kalekale. Kukanyanga pakhosi kumatseka mitsempha ya magazi ya m'mbali mwa khosi, ndipo munthu amakomoka m'masekondi pafupifupi 10, choncho mnzanu akalefuka musiyeni ngakhale sanachite tap. Amene ali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, la mtima, la khunyu kapena la khosi aonane kaye ndi dokotala.

Musanalembetse, pemphani kuonerera phunziro limodzi lonse. Yang'anani ngati anthu akulimbana momasuka kumapeto, ngati wina akachita tap mnzake akusiya pomwepo, ngati a malamba apamwamba akusamalira atsopano m'malo mowasandutsa choyeserera, ndiponso ngati amayi ndi atsikana ali omasuka pa tatamipo. Mufunseni mphunzitsi kuti lamba wake anamupatsa ndani ndipo liti. Woona amayankha mosavuta, ndipo dzina limene watchula limapezeka mukalifufuza. Chenjerani ndi wolonjeza lamba wakuda m'zaka ziwiri mukalipiriratu, ndi wa zaka 30 amene akuti ali ndi dan 8 m'masewera asanu. Mphunzitsi wa pepo kapena wa bulauni amene akunena poyera kuti ali pansi pa wakutiwakuti si vuto; m'madera ambiri BJJ imayamba chonchi. Kungoti lamba wanu wakuda adzachokera kwa wamkulu ujayo, ndipo IBJJF imafuna kuti wosainira akhale wa lamba wakuda amene wakwera kale masitepe pa lamba wakudayo.

Tikafunsidwa kuti munthu ayambire pati, ife timatere. Mwana kapena wachinyamata ayambe judo, chifukwa kugwa ndi kugwetsa zimalowa bwino thupi lisanaume. Wamkulu amene akufuna luso loyesedwa tsiku ndi tsiku, ndipo sakudandaula kuvala lamba mmodzi zaka zitatu, apite ku BJJ, koma walira mvula walira matope: zala zotupa ndi kugonja kwa anthu ochepa thupi kuposa iye ndi mbali ya ulendowo. Wofuna kudziwa pang'ono za chilichonse, kuphatikizapo nkhonya, ndi mayeso odziwika tsiku lake, asankhe ju jitsu ya silabasi, pokhapokha ataona ndi maso ake kuti kalabuyo imalimbana.

Kusintha njira pakati n'kololedwa, ndipo ambiri amatero. Mukalowa masewera ena mumavula lamba wanu n'kumanga woyera, ngakhale mutakhala ndi dan 3 kumene mwachokera. Wa judo amakwera msanga ku BJJ chifukwa amadziwa kale kugwetsa ndi kupanikiza, koma azolowere kusapereka msana, chizolowezi chimene ku judo chimamupulumutsa pomwe ku BJJ chimapatsa mnzake mapointi 4 ndi khosi. Pa mpikisano wa IBJJF, munthu wa lamba wakuda wa judo saloledwa kupikisana m'gulu la lamba woyera, choncho muuzeni mphunzitsi wanu watsopano za lamba wakaleyo musanalembetse mpikisano woyamba.